Ndikufuna kuyamba kuweta nkhuku za nyama koma ndikudzikayikira, ndiyambire pati?

Nangozo, Chinsapo

Moni nonse. Kuseri kwa nyumba ndili ndi kachipinda ka mamita 3 mulitali ndi 3 mulifupi, ndipo ndinasunga kandalama koti ndiyambire ma broiler, nkhuku zachizungu za nyama zija. Vuto ndi loti tsiku lokayitanitsa anapiye likafika ndimabwerera m'mbuyo. Nkhuku zachizungu sindinawetepo, ndimadziwa zakumudzi zodzidyera zokha. Mumtima mumangobwera zoti zikandifera zonse usiku umodzi, kapena zikakula ndikasowa ogula, kenako aneba ndi achibale adzati tinkanena ife. Anzanga akungoti limbani mtima, koma mawu amenewo sakundisuntha. Inu amene mumaidziwa ntchitoyi, munthu amadziwa bwanji kuti wakonzeka? Nanga mantha oterewa amatha ndi chiyani?

Mlangizi wa Ziweto

Mayi, mantha anuwo ali patatu: kufa kwa nkhuku, kusowa msika, ndi pakamwa pa anthu. Mukawaphatikiza pamodzi amaoneka ngati vuto la mtima wanu, chikhalirecho awiri oyambawo ndi mafunso wamba okhala ndi mayankho. Ine nditenga la imfa ya nkhuku.

Ma broiler safa mwachisawawa. Nthawi yoopsa ndi sabata yoyamba, ndipo chowapha kawirikawiri ndi kuzizira, utsi kapena ludzu. Mwanapiye wa tsiku limodzi sangadzifunditse yekha. Amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 34 pansi pamene waimapo, kenako mumatsitsa pafupifupi madigiri 3 sabata iliyonse mpaka nthenga zitakwanira cha m'sabata yachinayi. Ngati mulibe choyezera kutentha, yang'anani anapiyewo. Akaunjikana pafupi ndi moto akulira, azizidwa. Akathawira kutali ndi moto kukamwa kuli yasa, kwatentha. Akadzazana mbali imodzi, pali mphepo ikulowa penapake. Akamwazikana, ena akudya ena akumwa ena ali gone, zonse zili bwino ndipo inunso mukhoza kukagona.

Mbaula muyatse maola angapo anapiye asanafike kuti pansi pafunde. Makala muziyatsira panja, alowe m'khola atafiira ndipo utsi utatha, komanso pamwamba pa khoma pakhale potulukira mpweya. Oyamba kumene ambiri amatseka paliponse ndi masaka poopa chisanu, m'mawa n'kupeza anapiye atabanika. Babu la magetsi lokha musalidalire, magetsi akathima pakati pa usiku mu Juni anapiye amaponderezana pofunafuna kutentha, apansi n'kufa. N'chifukwa chakenso malo awo muwazinge mozungulira ndi makatoni, pasakhale ngodya yoti aunjikanemo.

Pansi yalani mankhusu a mpunga kapena zopala za matabwa, kuchindikala kwake masentimita 5 mpaka 10. Utuchi wosalala si wabwino masiku oyamba chifukwa amaudya. Pamwamba pake ikani mapepala masiku atatu oyamba n'kuwazapo starter, chakudya choyambira cha anapiye. Akangofika ayambe ndi madzi okhala ndi mavitamini kapena shuga pang'ono, ndipo m'zomwera zakuya ikani timiyala kuti asamire. Pakatha maola 24 gwirani anapiye khumi, mufinye pang'ono pachithokomiro, paja pamasonkhana chakudya m'munsi mwa khosi. Pakhale podzaza ndi pofewa. Pakakhala polimba ndiye kuti adya koma sanamwe, pakakhala popanda kanthu ndiye kuti chakudya sanachipeze.

Katemera ndi wa matenda awiri, chitopa ndi gumboro, matenda ofooketsa chitetezo cha m'thupi mwa anapiye. Ndondomeko yofala ndi chitopa cha pa tsiku la 7, gumboro cha pa tsiku la 14, kenako kubwereza chitopa cha pa tsiku la 21, koma masikuwa amasiyanako malinga ndi kumene mwagula anapiye, choncho funsani pepala lawo ndipo mutsate limenelo. Katemera amalephera pa zifukwa zodziwika: anatenthedwa panjira, anasungunulidwa m'madzi apampopi okhala ndi klorini, kapena anakhalitsa m'zomwera. Mutengereni mu fulasiki ya ayisi, mugwiritse ntchito madzi opanda klorini, muwamane madzi ola limodzi kapena awiri kuti amve ludzu, ndipo amalize kumwa pasanathe maola awiri.

Kuyambira sabata yachitatu adani ndi chinyezi ndi kutentha. Pansi pakanyowa pafupi ndi zomwera pamabuka matenda otsegula m'mimba a chitosi cha magazi. Chotsani ponyowapo tsiku lomwelo, ndipo zomwera muzizikweza kufika pamsana pa nkhuku zikamakula. Mu Okutobala ndi Novembala zimene zimafa ndi zazikulu zonenepa, masana dzuwa lili paliwombo, makamaka ngati denga ndi la malata lotsika. Pa mita imodzi mulitali ndi mulifupi timaika nkhuku 10, nyengo yotentha 8. Chipinda chanucho chikhoza kusunga 70 mpaka 90, koma ine ndikuti yambani ndi 50.

Tsopano za kudzikayikirako. Gulani sikelo yaing'ono. Mwanapiye amabwera ndi magalamu pafupifupi 40, ndipo pa tsiku la 7 ayenera kuchulukitsa kulemera kwake kanayi, kufika cha m'ma 160 kapena kuposa. Muziyeza khumi sabata iliyonse, tsiku lomwelomwelo, n'kulemba. Mukatero funso loti kodi ndikuchita bwino limayankhidwa ndi sikelo, osati ndi nkhope ya mneba. Dziwaninso kuti kufa kwa awiri kapena atatu mwa 50 ndi chizolowezi ngakhale kwa alimi akalekale. Woyamba kumene akaona mmodzi wafa amagwira njakata, n'kuyamba kuthira mankhwala osiyanasiyana m'madzi, ndipo mankhwalawo ndi amene amafooketsa otsalawo.

Wa Kope ndi Cholembera

Alangizi anena za khola, ine ndinena za thumba. Si mantha onse amene ali olakwika, mayi. Ena amakhala akukuuzani zoona, ndipo njira yowasiyanitsira ndi masamu.

Broiler imodzi imadya makilogalamu 4 mpaka 4 ndi theka kuti ifike masabata asanu ndi limodzi. Nkhuku 50 ndiye kuti makilogalamu ofika 225, omwe ndi matumba anayi ndi theka a makilogalamu 50. Werengerani asanu: la starter limodzi, a grower (chokulitsa) awiri, a finisher (chomalizira) awiri. Chakudya chokhacho chimatenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalama zonse, mwinanso kuposa. Chimene chimagwetsa anthu ambiri n'choti pafupifupi theka la chakudya chonsecho limadyedwa masabata awiri omaliza. Munthu amaona thumba loyamba likukhalitsa n'kuyesa kuti zinthu n'zofewa, kenako sabata yachisanu thumba likutha sabata isanakwane, ndalama palibe. Amayamba kusakaniza ndi madeya, nkhuku zimaima kukula, zimakhala masabata asanu ndi atatu zikudyabe, phindu lonse n'kuthera m'chitosi.

Ndiye yeso la kukonzeka ndi ili. Pitani kusitolo ya zaulimi sabata ino mukalembe mitengo ya lero: mwanapiye mmodzi, thumba lililonse, katemera awiri aja, mavitamini, makala, mankhusu, zodyera ndi zomwera, ndi thiransipoti. Muwonkhetse, muonjezepo gawo limodzi mwa magawo khumi la zadzidzidzi. Ngati ndalama yanu ikukwana zonsezo osakongola, ndinu wokonzeka ndipo mantha otsalawo ndi phokoso chabe. Ngati ikungokwana anapiye ndi matumba awiri, mantha anu akunena zoona. Chepetsani nkhuku zikhale 30 kapena dikirani mwezi wina. Kudikira koteroko si kulephera.

Matumba onse asanu mugule anapiye asanabwere, muwasanje pa matabwa pouma, osati pasimenti. Mitengo ya chakudya siichedwa kusintha. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali ndi nkhuku m'khola koma chakudya chili kusitolo ndi amene anamva kuwawa kwambiri.

Kenako lembani zoipitsitsa zimene zingachitike, koma mulembe ndi manambala. Tiyerekeze onse afa sabata yoyamba. Mwataya mtengo wa anapiye, makala ndi kachigawo ka starter. Matumba anayi osatsegula alipo, zodyera ndi zomwera zilipo, khola lilipo. Mawu oti "ndiluza zonse" mukawaika papepala mupeza kuti si zonse. Kuluza kwakukulu ndi pamene zafa zitadya kale, m'sabata yachisanu, ndipo kumeneko kumapewedwa ndi katemera, mpweya wabwino ndi kuletsa alendo m'khola. Funso lodzifunsa ndi loti: ndalama imeneyi ikapita, kodi ana adya ndipo fizi ilipiridwa? Ngati yankho ndi inde, mukhoza kuyesa.

Ulendo woyamba musakongole. Ku banki mkhonde chiwongoladzanja chimawerengedwa pamwezi, pomwe nkhuku zimakhala mwezi ndi theka osabweretsa ngakhale tambala, ndipo ogula ena adzakulipirani mochedwa. Za katapila ndiye musayerekeze. Munthu wa ngongole amagulitsa mwamantha, ndipo ogula amamuona m'maso n'kumutsitsa mtengo.

China chimene anthu sachita ndi kulemberatu chimene adzachitcha kupambana. Mukapanda kutero, chilichonse chidzaoneka ngati kulephera. Pa ulendo woyamba lembani zitatu: mpamba wabwerera, zofa sizinapose zisanu mwa 50, ndipo pa masabata asanu ndi limodzi zambiri zafika makilogalamu awiri. Zikatero mwakhoza, ngakhale phindu litakhala lochepa. Chigamulo choti ntchitoyi ndi yanu kapena ayi mudzapange mutaweta maulendo atatu, chifukwa woyamba mumaphunzira khola, wachiwiri msika, wachitatu ndi umene umaonetsa phindu lenileni. Ndalama ya nkhuku ikhale payokha, kaya mu Airtel Money kaya mu Mpamba, pa nambala yosagulira ndiwo. Nkhuku imene mwapha pakhomo kukabwera alendo ilembedwe m'kope ngati yogulitsidwa, apo ayi pamapeto mudzadziimba mlandu wolephera chikhalirecho phindu munalidya ndi nsima.

Mayi wa Pamsika, Lunzu

Achemwali, za msika musadikire nkhuku zikule. Ogula amapezedwa anapiye asanayitanitsidwe, ndipo ntchito imeneyi siifuna ndalama.

Tengani pepala mulembe anthu 30 amene amagula nkhuku: aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'maofesi, amayi a kumpingo, ophika m'malo odyera, anyamata a chiwaya. Aliyense mumufunse mafunso atatu okha: panopa mumagula kwa yani, pa mtengo wanji, ndipo mumakonda yamoyo kapena yososola. Musafunse kuti kodi mudzandigula, chifukwa aliyense amati inde poopa kukukhumudwitsani. Mwa anthu amene alonjeza, werengerani theka. Mukapeza kuti theka limenelo likhoza kutenga nkhuku 25 kapena 30, zotsalazo zimapita ndi anthu odutsa ndi omva kwa anzawo. Kufunsa kumeneku kumachiritsanso manyazi, chifukwa pofika munthu wa khumi pakamwa pamakhala patazolowera kutchula malonda. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo pa malonda a nkhuku zimachitikadi: wina amakhala ndi nkhuku zonenepa kuseri kwa nyumba aneba ake osadziwa, akupita kukagula kumsika.

Tsiku lotenga anapiye muliwerengere chobwerera. Nkhuku zikhwime masiku amene anthu alandira malipiro, kumapeto kwa mwezi, osati pakati pa mwezi pamene aliyense akudya bonya ndi soya pieces. Wofuna za Khirisimasi amatenga anapiye cha pa 13 Novembala, koma adziwe kuti aliyense amaganiza chimodzimodzi, anapiye amavuta kupeza ngati sunalembetse msanga, ndipo kumakhala kotentha. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi youma m'matumba, ndalama zimathera ku fizi, feteleza ndi chimanga. Woyamba kumene asayambire pamenepo, angadziyese wosatha malonda chikhalirecho ndi nyengo.

Yambani kuonetsa zithunzi pa WhatsApp sabata yachinayi, ndipo kugulitsa kuyambe sabata yachisanu ndi zazikuluzo. Chifukwa chake ndi masamu omwe aja: nkhuku yokhwima imadya pafupifupi magalamu 200 patsiku, ndiye 50 zikakhala osagulidwa zimamaliza thumba pa masiku asanu. Wina akabwera kudzapikula zonse pa mtengo wotsikirako, musakane msanga chifukwa cha ulemu. Werengerani kutsikako poyerekeza ndi chakudya cha sabata ina. Nthawi zambiri ndi bwino kugulitsa theka kwa anthu mmodzimmodzi pa mtengo wabwino, zotsala n'kupikulitsa kuti khola lipume.

Pa mtengo musalimbane ndi nkhuku za m'firiji za m'masitolo akuluakulu, makampani amene amapanga okha chakudya ndi anapiye simungawapose. Inu mukugulitsa nkhuku yamoyo imene munthu akuiona ndi kuinyamula yekha, yaikulu, yofika pakhomo pake. Mtengo wanu uyambire pa zimene mwawononga pa nkhuku imodzi, ndipo nambala imeneyo muidziwe pamtima kuti wina akamanenerera mudziwe pamene muyenera kuima.

Ngongole ndi imene imapha bizinesi ya nkhuku kuposa chitopa. Mawu oti "ndikupatsani pakutha pa mwezi" amachokera kwa anthu amene simungawakane mosavuta, achibale ndi a kumpingo. Ikani lamulo tsiku loyamba: ngongole kwa anthu osaposa asanu, olandira malipiro odziwika, yolembedwa m'kope iwo akuona, ndi tsiku lobweza. Lamulo likakhalapo kale, kukana sikuoneka ngati mwamuda munthuyo.

Pa chiwerengero ndisiyanako pang'ono ndi alangizi. Nkhuku 50 phindu lake ndi lochepa, chifukwa makala, katemera ndi thiransipoti ndi zomwezomwezo ngakhale zitakhala 80. Pophunzirira n'zabwino, koma musadzaweruze bizinesi yonse ndi phindu la 50, ndipo musalonjeze malo odyera kuti muziwapatsa sabata iliyonse muli ndi khola limodzi. Mukawaphonya kamodzi sabweranso.

Za pakamwa pa anthu, chepetsani owauza. Amuna anu ndi munthu mmodzi woweta kale akwana. Ena onse adziwe nkhuku zili ndi masabata anayi, pamene mukuwafuna ngati ogula osati ngati alangizi.

Nangozo, Chinsapo

Zikomo kwambiri nonse, masamu a matumba asanu aja ndawachita ndipo ndalama ikukwana, ingotsala yochepa ya zadzidzidzi. Mafunso awiri atsala. Aneba ali ndi nkhuku zakumudzi zimene zimalowa pabwalo langa, kodi sizibweretsa matenda? Komanso bambo akunyumba akuti bwanji tiyambe ndi za Mikolongwe poti n'zolimba. Kodi kwa munthu wamantha ngati ine si zabwinoko?

Mlangizi wa Ziweto

Nkhuku za aneba ndi chiopsezo chenicheni, mayi, makamaka chilimwe pamene chitopa chimasesa m'makomo. Koma chimatsekeka. Mazenera a khola akhale ndi waya wa mabowo ang'onoang'ono kuti ngakhale mpheta zisalowe. Pakhomo pakhale beseni la madzi a mankhwala opha tizilombo lopondamo, ndipo mukhale ndi nsapato za m'khola mokha. Ogula asalowe, mavenda amayenda khola ndi khola tsiku limodzi ndipo matenda amawanyamula kumapazi ndi m'madengu. Nkhuku muziwatulutsira panja, ndipo imene yapita kumsika n'kubwerako isabwererenso kwa zinzake. Ngati mumagwirizana ndi anebawo, auzeni za katemera wa chitopa wa I-2, wodonthezera m'diso, amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe konko. Ndi dontho limodzi pa nkhuku iliyonse, kubwereza pakatha miyezi itatu kapena inayi. Nkhuku zawo zikatetezeka, zanunso zapepukidwa.

Mudzapezanso kuti botolo la katemera wa m'madzi limakhala la nkhuku mazana angapo kapena 1,000, ndipo likasungunulidwa silisungika. Pezani wina woweta pafupi amene akutenga anapiye tsiku limodzi ndi inu kuti mugawane botolo ndi mtengo wake. Munthu ameneyo adzakhalanso woyerekeza naye kulemera kwa nkhuku sabata ndi sabata.

Za Mikolongwe, abambo sakunama kuti n'zolimba. Ndi mtundu wa Black Australorp, umapereka mazira ndi nyama, ndipo umapirira kuposa broiler. Koma ndi bizinesi ina. Zimatenga miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuti ziyambe kuikira, ndipo m'tauni mopanda podzidyera mudzazidyetsa za m'thumba miyezi yonseyo osalandira kanthu. Chitopa chimazigwiranso. Kwa munthu wodzikayikira, kudikira theka la chaka osadziwa ngati zikuyenda n'kolemera kuposa masabata asanu ndi limodzi. Ngati abambo akuzifuna, zibwere pambuyo ndipo zikhale ndi khola lawolawo, kutali ndi ma broiler.

Musanayitanitse, pemphani woweta wina kuti mukamuthandize tsiku limene akulandira anapiye ndi tsiku la katemera, mutavala zovala zochapa ndipo musanalowe m'khola lina lililonse. Manja akagwirapo kamodzi, zambiri zimene zikuoneka zovuta pano zimakhala zachizolowezi. Tenganinso nambala ya mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu ku ofesi ya zaulimi zinthu zisanavute. Khola mulitsuke, mulipopere mankhwala, liume sabata imodzi kapena iwiri, kenako mukalembetse anapiye ndi kulipiriratu kuti tsiku likhale lokhazikika.

Zikadzayamba, malire oitanira thandizo ndi awa: kufa kwa ziwiri kapena kuposa tsiku limodzi sabata yoyamba itadutsa, chitosi cha magazi kapena chobiriwira, kupuma mobanika, khosi lopindika, kapena madzi kutsala m'zomwera kuposa dzulo. Yakufayo musaitaye kudzala kapena kupatsa galu. Ikulungeni m'pepala la pulasitiki kuti mlangizi aitumbule tsiku lomwelo, kenako ikwiriridwe mozama. Ndipo ngati mwapereka mankhwala, werengani pa paketi masiku oyenera kudikira musanagulitse kapena kupha.